Milomo Ipole Apongozi Asanafike

LOLEMBA

Foni ikulira ndili pakati pokoleza mbaula. Apongozi. Ati akubwera Loweruka pa basi ya ku Chipata, adzaone ubatizo wa Thoko Lamulungu. Ndikuyankha kuti, "Takondwa kwambiri, amayi," ndipo pa "kwambiri" pomwepo mlomo wam'munsi ukung'ambika pakati. Magazi pa foni. Ngakhale thupi langa lakana kunama nane.

Ndilembe zonse, mwina mtima ukhala pansi.

Choyamba. Thoko ndinamusiyitsa bere miyezi iwiri yapitayo. Apongozi sadziwa. Ulendo wathawu ananena pakhomo pano, akumanga mpango kumutu: "Tsiku limene mwana uyu adzasiye bere, ndidzabwera kudzamutenga. Akakulire kumudzi ngati atate ake, inu muone za wachiwiri." Sanaseke. Kwathu ku Katete mwana ndi wa amake. Koma ine ndi nzeru zanga ndinakwatiwa kwa Angoni, ng'ombe zinapita kwa amalume, ndiye mwana ndi wa kuchimuna. Ng'ombezo zinafa kalekale, koma zikulankhulabe.

Chachiwiri. Chimene ndinamusiyitsira ndi ziphuphu. Osati tiwiri titatu ta atsikana a sukulu ayi. Zazikulu ngati nzama, zopweteka, masaya onse, kugona chammbali inali nkhondo. Dokotala wa khungu ku chipatala chachikulu anandilembera makapisozi, kamodzi pa tsiku, pamodzi ndi chakudya. Malamulo ake: osayamwitsa, osatenga mimba (ndiye ndili pa jekeseni), ndipo "milomo idzauma pang'ono."

Pang'ono! Dokotala ameneyu akadzati galu wake amaluma pang'ono, ine ndidzadzera mseu wina.

Chachitatu. Nkhope yasalala ngati ya mkazi wa pa kalendala, koma milomo ili ngati dambo la mu Okutobala. Yofiira, yosenda, ming'alu m'makona. Apongozi akangoiona afunsa, ndipo mayankho alipo atatu chabe: kachasu, matenda aja anthu amanong'onezana, kapena zoona. Onse atatu akuthera pa basi imodzi, Thoko ali pamiyendo pawo.

Madzulo ndawauza atate a Thoko. Mwamuna amene tsiku lonse amanyamula matumba a fetereza ku mafakitale, awiri paphewa limodzi, koma akamva dzina la amayi ake amasanduka phala. Za mankhwala akudziwa, anavomera okha. Ati, "Ingopakani kanthu, amake Thoko. Amayi saona bwino masiku ano." Amayi amene anadziwa kuti ndasintha sopo wochapira ali pa geti!

Pulani yanga:

1. Vasilini m'mawa, masana, madzulo.
2. Madzi ambiri.
3. Osanyambita. Osasenda. Osaseka.
4. Tsabola, mchere wambiri, malalanje: tionana chaka chamawa.
5. Kuphunzitsa Thoko kugona m'chitenje ngati akuyamwa.

Pofika Loweruka ndikhala ndi milomo ya anthu. Ambuye ndithandizeni. Mwana wanga chibadwire sanagonepo kopanda ine.

LACHIWIRI

Ndapaka vasilini wochindikala ngati ndikumata nyumba. Ndatuluka kukagula tomato. Mphepo ya Ogasiti ikundidikira pa geti ndi fumbi la Kabwata yense. Pofika pamsika milomo yavala mchenga, kaudzu, ndi kanthenga ka nkhuku. Mayi wa tomato akundiyang'ana pakamwa, akundiwonjezera tomato wa mbasela osapempha. Chisoni cha anthu chayamba.

Madzi: ndamwa chigubu chathunthu. Chimbudzi pano ndi chimodzi, mabanja anayi. Ndapita, ndabwera, ndapita, ndabwera. Mkazi wa landilodi wandiimira kutsogolo ndi tsache: "Bana Thoko, uku kuyendayenda, kapena muli na mimba?" Zikomo mayi. Mayankho anali atatu, mwandiwonjezera lachinayi.

Osanyambita: ndanyambita. Sindidziwa kangati. Lilime ndi mbala yokhala m'nyumba momwemo, ungakhome zitseko zonse.

Masana.

Ndasiya botolo pampando, ndapita kukayanika zovala. Pobwera, Thoko wanyezimira kuyambira tsitsi mpaka zala za kumapazi. Chidole chake chanyezimira. Chitseko chanyezimira. Wailesi ya atate ake yanyezimira. M'nyumba muno chilichonse chili ndi khungu lofewa kupatula ine. Kumugwira kuti ndimusambitse, akupulumuka m'manja ngati mlamba. M'botolo mwatsala fungo.

Bana Bupe, aneba anga ogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, asuzumira pawindo: "Shani bana Thoko! Iyee mayo, milomo yachita bwanji? Siyani vasilini, pakani uchi. Uchi ni dokota!" Andipatsa wa m'kabotolo. Mtima wawo ndi wabwino, ndilembe zimenezo lero ndisanasinthe maganizo.

Madzulo, phunziro loyamba la Thoko. Ndamugoneka pamiyendo, ndamufunda chitenje. Kungoona dzanja langa likupita pa bulauzi wakuwa, "Chabola! Chabola!" n'kuthawira kuseri kwa kabati. Inde, ndinamusiyitsa ndi tsabola, ngati mmene amachitira wina aliyense. Mwana amene sadziwa kumene wasiya nsapato yake, izi wasunga pamtima ngati vesi.

LACHITATU

Amene anati uchi ndi dokotala sanaupakepo pamilomo ya munthu wamoyo. Ndikupaka, ndikunyambita. Ndikupakanso, ndikunyambitanso. Pofika masana kabotolo kali pakati, milomo yauma kuposa dzulo, koma kukhosi kuli bwino kwambiri, zikomo pofunsa.

Amene apindula ndi uchi:

- nyerere, zandipeza nditangotsamira pang'ono, zabwera ndi abale awo a ku Chilenje
- ntchentche ziwiri, zandiperekeza mpaka pa mpopi ndi kundibweza
- Thoko, wandipsompsona osapemphedwa, kenako waluma

Kakhungu kamodzi kakulendewera pakona. Ndikudziuza kuti ndisakagwire. Ndikuchapa, ndikukaganiza. Ndikusesa, ndikukaganiza. Ndakakoka pang'ono chabe. Kabwera ndi anzake mpaka pakati pa mlomo! Tsopano ndikudya phala ndi kasupuni ka Thoko, ndikulowetsa chammbali ngati wakuba.

Foni. Apongozi kachiwiri. "Kodi Thoko akuyenda bwino tsopano? Amadya chilichonse? Galimoto samasanza?" Mafunso a agogo okonda mdzukulu. Komanso mafunso a munthu amene akufuna kudziwa mpando woti agule pa basi. Ndati amasanza kwambiri, ngakhale pa wilibala. Ati, "Mpando wa pawindo umathandiza."

Atate a Thoko abwera ndi nzeru za kuntchito. Ati dalaivala wina wa lole anapoletsa chipere ndi mafuta a mabuleki. "Tingayeseko pang'ono." Ndawafunsa ngati anandikwatira kapena anandigula ku garaja. Nanga vasilini watsopano amene ndinawatuma? "Aa, ndaiwala." Mabuleki akumbuka.

Ndawapempha chinthu chimodzi chokha: amayi anu akanena zotenga mwana, mukane. Ati, "Tidzaona mmene zikhalire." Awo ndi mawu amene mwamuna amanena ataona kale mmene zikhalire.

Phunziro lachiwiri: bisiketi m'chitenje. Zatheka! Thoko wagona phee, timiyendo tikugwedera panja ngati mwana woyamwa weniweni. Ndatsala pang'ono kugwetsa misozi. Kenako: khurru, khurru, khurru.

Bere la ndani limalira choncho? Mawa nthochi.

LACHINAYI

Ndadzuka milomo itamatana. Kuti ndinene "mwauka bwanji" ndayamba ndainyowetsa ndi kansalu. Makona onse awiri atseguka, akutuluka timadzi.

Lero ndi tsiku la amayi kutchalitchi, ndipo obatizitsa ana saloledwa kujomba. Nzeru ziwiri zandibwerera. Zilembedwe kuti zinali zanga, bana Bupe alibe mlandu.

Yoyamba: sipiriti wotsala uja tinkapukutira mchombo wa Thoko. Ngati anaumitsa mchombo, kachilonda ka pamlomo n'chiyani? Ndapaka ndi thonje. Mayo ine! Ndaona makolo anga onse, ndi ena amene sindinawadziwe. Ndavina m'nyumba popanda ng'oma, Thoko akuomba m'manja.

Yachiwiri: masiki ya nthawi ya korona ija, ndaipeza pansi pa sutikesi.

Kutchalitchi.

Kungokhala pa benchi, mayi wa kumanja wasendera. Wa kumanzere wakumbukira kuti anasiya kanthu panja. Wina kumbuyo: "Ni chifuba chikulu icho." Benchi lonse langa ndekha ngati nduna.

Amayi Zulu, atcheya athu a chigwirizano, ati, "Amake Thoko, chotsani chansalucho mutiyambitsire nyimbo. Mulungu safuna mawu obisika." Ndachotsa. Tchalitchi chonse: "Hii!" Ndayambitsa nyimbo. Pamene mawu akwera, mlomo wakwera nawo, phwaa. Ndamaliza ndime ndikumeza magazi. Mkazi wolimba m'chikhulupiriro.

Amayi Zulu abwera kudzandikumbatira. Pakati pa kukumbatira aima. Mphuno yawo ikugwira ntchito pafupi ndi tsaya langa, fwee, fwee. Sipiriti wakhala m'masiki m'mawa wonse, wakhwima bwinobwino.

Mutu wa phunziro unali kulera ana. Mwadzidzidzi wasintha, tsopano ndi vinyo. Zimene vinyo anachita kwa uyu, zimene anachita kwa uja. Pemphero lotsekera: "Kumbukirani alongo athu ena, Ambuye, amene botolo lawapsereza milomo." Maso onse otseka, koma ndikumva akundiyang'ana ndi zikope.

Ine? Ine amene maheu akasasa pang'ono ndimataya?

Ndikanatha kunena zoona pomwepo. Koma zoona ukaziuza amayi a chigwirizano Lachinayi, zimafika ku Chipata basi isananyamuke. Ndiye ndakhala chete, chidakwa chaulemu.

Potuluka amayi Zulu andigwira dzanja: "Apongozi anu ndimawadziwa, tinavala yunifolomu ya chigwirizano chaka chimodzi kumudzi. Nambala yawo ndili nayo." Ndithudi ali nayo. Anthu onse adzaza mu Lusaka muno, atcheya anga anayenera kukhala mnzawo wa apongozi.

Nthochi: zatheka. Zii, palibe phokoso. Nthochi ndiye m'bale wanga yekha m'tauni muno.

LACHISANU

Kapisozi sindinamwe m'mawa. Ndatulutsa, ndayang'ana, ndabwezera. Ziphuphu zibwere, zibwere ndi azakhali awo, bola mwana akhale. Ndabereka Thoko, ndakwera minibasi, ndikafunse kuchipatala ngati milomo ingapole pofika mawa.

Kondakitala: "Ba sisita, mwenze kumwa chani? Tiuzeni, na ise tiziyopa!" Basi yonse kuseka. Ine sindingaseke, sindingatukwane. Zonse zimafuna milomo.

Dokotala kulibe mpaka sabata yamawa. Anesi andiyang'ana, ati, "Ooh, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito." Zikomo kwambiri, ndimada nkhawa kuti akungokhala.

Ndafunsa: ndikasiya lero, mawa ndikhala bwino? Ati ayi, zimatenga masabata, ndipo musasiye nokha dokotala asananene. Ndafunsa: nanga kumuika mwana pa bere kamodzi chabe, kongoonetsa? Nkhope yawo yasintha. "Ngakhale kamodzi. Mankhwala awa si a mwana." Ndamva. Chimenecho chokha ndachimva mpaka m'mafupa.

Ndatchula za sipiriti. Aitana mnzawo kuti adzamve nawo.

Malangizo awo: vasilini kawirikawiri, madzi, osanyambita, osasenda. Ndakwera mabasi awiri kudzamva pulani yanga ya Lolemba! Ndawafotokozera za apongozi. Ati, "Ingowauzani zoona, adzamvetsa." Anesi awa mwina sanakwatiwe, mwina apongozi awo ali kumanda.

M'tauni ndagula vasilini ndekha, pamodzi ndi lipisitiki yofiirira kwa mayi wa pamseu. Ati imabisa chilichonse. Ndayesa kunyumba. Yalowa m'ming'alu, yasiya zitunda poyera, ngati penti ya pamseu wa maenje. Thoko wandiyang'ana, walira. Kuichotsa yapita ndi khungu limene ndinasunga kuyambira Lachitatu.

Kapisozi ndamwa, ndi chitumbuwa.

Madzulo.

Ndikupinda zovala za Thoko. Kumudzi ndani adzadziwa kuti phala amafuna lozizira, kuti "mimi" ndi madzi, kuti sagona asanagwire khutu langa? Adzalira masiku angati asanaleke kundifunsa? Nanga akadzaleka?

Nzeru ina: munthu sakweza mwana wamaliseche pa basi. Zovala zonse, nsapato, juzi, kachipewa, ndazimanga m'chitenje ndakasiya kwa bana Bupe. Ndawauza kuti kwathu kwavuta makoswe. Ndasiya diresi la ubatizo ndi timalaya tiwiri tong'ambika. Tione.

LOWERUKA

Milomo lero: ngati Lolemba, koma yokwiya.

Afika. Katundu wawo:

- thumba la nsawa
- maungu awiri
- nkhuku yamoyo
- chikwama chachikulu cha mizeremizere, chopanda kanthu

Chopanda kanthu! Munthu amachoka ku Chipata ndi chikwama chopanda kanthu kudzanyamula mphepo ya ku Lusaka?

Ndagwada, ndapereka moni. Akuyankha moni akuyang'ana pakamwa panga. "Nkhope yasalala," ati. Athera pomwepo ngati wailesi yotha mabatire. Apempha madzi akumwa, anunkhiza kapu. Anunkhiza chigubu. Ati akufuna kuika nsapato pansi pa bedi, akhalako mpaka ndaganiza kuti agona komweko. Amayi Zulu agwira ntchito yawo.

Masana Thoko wayamba kulira, tulo tamugwira. "Mpatseni bere mwanayo." Ndamunyamula. Pamiyendo. Chitenje. Nthochi inali m'bulauzi kuyambira m'mawa. Zii. Timiyendo tikugwedera. Apongozi akusenda nsawa, akugwedeza mutu, akuoneka ngati akhutira. Mumtima ndikudalitsa alimi onse a nthochi.

Kenako kadzanja katuluka m'chitenje, kanyamula khoko.

"Gogo, taya."

Mwana woleredwa bwino. Ndine ndinamuphunzitsa kusataya zinyalala pansi.

Apongozi atukula chitenje ndi chala chimodzi. Ayang'ana nthawi yaitali. "Mabere a ku Lusaka ali ndi makoko." Atate a Thoko akumbukira kuti foni yawo ilibe mayunitsi, atuluka. Nkhuku yokha ndiyo yatsala kumbali yanga, nayonso ndi yomanga miyendo.

"Mpatseni lenileni ndione."

Ndakana. Koyamba chikwatiwire ndawakana apongozi maso ndi maso. Ndatulutsa makapisozi pamwamba pa kabati, ndanena zonse: ziphuphu, dokotala, tsabola, jekeseni. Pa "jekeseni" atseka maso ngati obayidwawo ndi iwo.

"Ndiye si mowa."

"Si mowa, amayi."

Aoneka okhumudwa pang'ono. Ulaliki anali atakonza kale m'basi.

"Chabwino. Wasiya bere, ndiye wakula. Mawa tibatiza, Lolemba tikwera. Zovala zake zili kuti?" Ndati zinabedwa pa chingwe. Pomwepo hodi. Bana Bupe, mtolo pamutu, zonse atazisita! "Mwaiseni ba mayo! Ni ivi vovala va Thoko, makoswe sanadyeko olo chimozi." Mulungu adalitse aneba abwino, kutali ndi ine.

Zovala zalowa m'chikwama cha mizere, chimodzichimodzi, juzi, kachipewa. Zipi yatsekedwa. Ndagwada, ndapempha, ndati asiye ngakhale mpaka Khirisimasi. Ati, "Inenso ndinalira pamene anatenga wanga. Munthu safa nazo." Atate a Thoko abwera mdima utagwa, mayunitsi mwina anakagula ku Chelstone. Ati, "Amayi akudziwa zimene akuchita."

Kenako apongozi atsegula kachikwama kawo, atulutsa kabotolo ka jivi, mankhwala a buluu aja opaka pa zilonda. "Simukaima pamaso pa mpingo ndi pakamwa ngati mbuzi yadya minga. Senderani kuno." Ndati anesi anati vasilini chabe. Ati, "Anesiwo anabala ana angati?"

Ndilibe mphamvu. Ndasendera.

LAMULUNGU

Pagalasi pali munthu amene wadya bolopeni. Jivi wafika pachibwano, m'mano, ndi kadontho pamphuno. Ndatsuka ndi sopo. Jivi sanachoke, koma ming'alu yonse yatseguka. Tsopano ndi buluu wosakaniza ndi magazi. Maso otupa, ndalira mpaka kucha.

Kutchalitchi, kutsogolo, pamzere ndi makolo ena. Abusa afika pa ife, akweza maso, ataya pamene amawerenga. Afunsa ngati tikulonjeza kulera mwanayu m'njira ya Ambuye. Ndayankha "inde" wa pakona imodzi ya kamwa. Kulonjeza kulera mwana amene mawa akukwera basi! Madzi pamutu, Thoko wakuwa, wandikakamira m'khosi. Chiyambire Lachitatu ndikudya phala la kasupuni. Miyendo yakana, ndapezeka ndili pa simenti.

Amayi a chigwirizano andinyamula, akundikupiza ndi mabuku a nyimbo. Manong'onong'o ndikuwamva:

"Si moba uyu."

"Onani mwamene ayondela."

"Mpaka pakamwa kubiliwila, ni yakulu aya matenda."

Lachinayi ndinali chidakwa. Lero ndakwezedwa udindo, ndine wakufa.

Nthawi ya zolengeza amayi Zulu aimirira, manyazi atawagwira. Ati mpingo unandiganizira zoipa ine, mwana wodwala, Ambuye atikhululukire. Ati koma taonani chikondi: mayi wachoka ku Chipata, wasiya nyumba, wasiya ziweto, kudzadwazika mpongozi wake! "Apongozi otere atsala angati masiku ano? Imirirani amayi, mpingo ukuoneni!"

Nthungululu. M'manja. Apongozi aimirira pang'onopang'ono, akonza mpango. Ndikuwaona akulimbana nazo, pakamwa pakufuna kunena za basi ya mawa. Koma nthungululu ndi yokoma, ndipo tchalitchi chadzaza mpaka pakhomo.

"Sindichoka," ati, "mpaka mwana wangayu achire."

Mpingo wonse: "Amen!" Abusa nawonso amva.

Kunyumba.

Zipi yatsegulidwa. Zovala za Thoko zabwerera m'kabati. Za apongozi nazonso zalowa m'kabati, zanga zili pampando. Bedi atenga. Atate a Thoko azigona pa mipando iwiri yolumikiza, ati msana wawo umakonda zimenezo. Foni yapita kale kumudzi: atumize bulangete, khasu, ndi mtondo pa basi ya Lachiwiri. Maluwa a mkazi wa landilodi apongozi awayendera, ati pamenepo chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu, chingachite bwino.

Apongozi andiitanira pakhomo powala, andigwira chibwano, atembenuza uku ndi uku ngati akusankha dzungu pamsika. "Makapisozi atsala a miyezi ingati?" Inayi. Apumira m'mwamba. "Ndanena pamaso pa mpingo, sindingabweze. Koma tsiku limene pakamwapa padzapole, ine ndi Thoko tinyamuka." Ati aziyang'ana okha m'mawa uliwonse ndisanasambe.

Zipinda ziwiri, anthu anayi, nkhuku, ndi kabotolo ka jivi kamene sikanafike n'komwe pakati. Amayi a chigwirizano ati azibwera mosinthana kudzandipempherera. Za pambuyo pa miyezi inayi sindikuziganiza, mutu wanga lero wafika pomwe ungafike.

Thoko wagona kumsana kwanga, kathukuta kake kakunyowetsa bulauzi. Pakamwa pakuwawa ngati ndaluma khala la moto.

Pawawe.